Digiri ya malamulo isaperekedwe kwa wophunzira amene sanagwirepo fayilo ya munthu wosauka

Sukulu ya malamulo ya pa University of Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1967, ndipo kwa zaka zambiri inali yokhayo m'dziko muno. Lero mu Lusaka mokha muli University of Lusaka, Cavendish, Zambian Open University ndi masukulu ena, onse akutulutsa omaliza digiri ya malamulo (LLB) chaka ndi chaka. Maloya akuchuluka ndithu. Koma mukafika pa makhoti a majisitireti pafupi ndi ndende ya Chimbokaila (Lusaka Central) m'mawa uliwonse, mupeza anthu ambiri akuyankha milandu ali okhaokha, osadziwa kuti belo amapempha nthawi iti, osadziwa kuti mboni ya boma ikamaliza kulankhula ayenera kuifunsa mafunso. Kuchuluka kwa maloya sikunawafike anthu amenewa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chili m'kalasi momwe maloyawo amaumbidwira.

Maganizo athu ndi akuti wophunzira malamulo aliyense, asanalandire digiri, azigwira ntchito chaka chathunthu mu kiliniki ya zamalamulo ya sukulu yake, pa milandu ya anthu enieni amene sangathe kulipira loya, moyang'aniridwa ndi loya wokhala ndi chilolezo chogwira ntchito, ndipo ntchitoyo izikhala ndi malikisi ngati phunziro lina lililonse. Tikunena za phunziro lokakamiza, loikidwa pa ndandanda ya maphunziro. Ntchito yachifundo ya Loweruka ndi nkhani ina.

Wophunzira aliyense amadziwa mlandu wa Donoghue v Stevenson wa 1932, wa nkhono imene akuti inapezeka m'botolo la chakumwa ku Scotland. Ayenera kuudziwa, pakuti mfundo zambiri zimene makhoti athu amatsata zinachokera ku Britain. Vuto ndi loti malamulo amene amakhudza anthu a ku Kanyama, ku George, ku Chawama ndi ku Ng'ombe tsiku ndi tsiku amaphunzitsidwa mothamanga, ngati manambala oloweza pamtima.

Tengani Intestate Succession Act ya 1989, lamulo logawa chuma cha munthu amene wamwalira osasiya wilo. Pa mayeso aliyense amalemba magawo ake mosavuta: 20 peresenti kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a womwalirayo, 10 kwa ena amene ankadalira iye. Zimene zimachitika maliro akatha mayeso safunsa. Achibale amasankha adiminisitireta, kawirikawiri mchimwene wa malemu, amapita naye ku Local Court kukatenga chikalata, ndipo iye amabwerako akuyesa kuti chikalatacho chamupatsa chumacho. Lamulo limati ntchito yake ndi kusonkhanitsa chuma, kulipira ngongole, kugawa, ndi kupereka lipoti la momwe wayendetsera, ndipo sangagulitse katundu wa malemu popanda chilolezo cha khoti. Nyumba ndi ya mkazi wamasiye ndi ana, ndipo mayiyo ali ndi ufulu wokhalamo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso. Ngati panali mitala, akazi aja amagawana 20 peresenti yomweyo molingana ndi zaka zimene aliyense anakhala pa banja, ndipo khoti likhoza kuonanso zimene aliyense anaikapo pa chumacho. Gawo la ana siligawidwa mofanana nthawi zonse, chifukwa lamulo limayang'ana msinkhu wa mwana ndi zosowa zake za sukulu. Munda wa kumudzi umene uli pansi pa mfumu lamuloli siliukhudza konse. Chilichonse mwa izi ndi pamene banja limagawanika, ndipo wophunzira amene wakhala ndi mayi wamasiye mmodzi yekha, kumufunsa za makalata a nyumba, za ana a kunja, za galimoto imene yasowa pa tsiku la maliro, amalimvetsa lamuloli kuposa amene walemba ndime khumi pa pepala la mayeso.

Pali chifukwa chimene masukulu amanyalanyazira mbali imeneyi. Ku Local Court, kumene kumapita milandu yambiri ya mabanja a chikhalidwe, ngongole zing'onozing'ono ndi chuma cha masiye, maloya saloledwa kuimira anthu. Ku Small Claims Court nakonso munthu amadziyankhulira yekha. Popeza loya sapezako ndalama, aphunzitsi amaona ngati si malo ophunzitsa. Komatu kumeneko ndi kumene wophunzira angathandize kwambiri osaphwanya lamulo loletsa anthu osavomerezeka kugwira ntchito ya uloya. Angathe kukhala ndi munthu mlandu usanalowe, kumuthandiza kuyala nkhani yake motsatira masiku, kusankha mboni zimene zinaonadi, kusanja malisiti. Angathenso kumuuza, chigamulo chikatuluka, kuti ali ndi masiku 30 opanga apilo ku khoti la majisitireti. Anthu ambiri amamva za masiku 30 amenewa patapita miyezi itatu.

Boma linatsegula kale khomo. Ndondomeko ya dziko ya thandizo la zamalamulo ya 2018, kenako Legal Aid Act ya 2021 imene inalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1967, zinavomereza kuti Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza osauka pa milandu, siingasenze yokha katundu yense. Lamulo latsopanoli limazindikira maparalegal (anthu ophunzitsidwa kuthandiza pa zamalamulo koma osakhala maloya), mabungwe omwe si aboma ndi makiliniki a m'mayunivesite ngati opereka thandizo, malinga alembetse ku Board. Law Association of Zambia (LAZ) inayambitsa National Legal Aid Clinic for Women kalekale mu 1990. Ndiye maziko alipo. Chotsala ndi kuti masukulu aleke kuona kiliniki ngati chokongoletsa cha pa kabuku kotsatsira malonda.

Masukulu ena anganene kuti amachita kale zimenezi, chifukwa kamodzi pa chaka amakhoma tenti pa msika, ophunzira atavala masikipa ofanana, kupereka uphungu waulere. Sitikunyoza mtima wa ophunzirawo. Koma taonani chimene chimachitikira bambo amene wachotsedwa ntchito yaulonda osalipidwa. Amafotokoza nkhani yake mphindi khumi, amauzidwa kuti ali ndi ufulu ndipo apite ku ofesi ya zantchito, tenti imaphwasulidwa madzulo. Palibe amene walemba tsiku limene anachotsedwa, palibe amene wamulembera kalata yopita kwa abwana ake akale, palibe amene adzamufunse sabata yamawa kuti zinayenda bwanji. Uphungu wopanda fayilo umatha tsiku lomwelo, ndipo wophunzirayo amachokapo ataphunzira kuti milandu ya osauka imatha ndi mawu awiri.

Kiliniki yeniyeni imayamba ndi woyang'anira. Akhale loya wokhala ndi chilolezo cha chaka chimenecho, wolembedwa ntchito yoyang'anira kiliniki basi, osati mphunzitsi amene ali kale ndi makalasi atatu ndi zolemba za mayeso mazana. Ife tikuona kuti loya mmodzi asapitirire ophunzira 10 kapena 12, ndipo ophunzirawo azigwira awiriawiri, gulu lililonse mafayilo osaposa 4 kapena 5 nthawi imodzi. Mukapitirira apa, woyang'anira amayamba kusaina makalata osawerenga, ndipo ndi pamene zolakwa zimatulukira pakhomo. Maola 8 pa sabata ndi okwanira: theka la tsiku kukumana ndi anthu, maola awiri kulemba ndi kufufuza, maola awiri kukambirana mafayilo onse pamodzi ndi woyang'anira. Masabata atatu oyambirira wophunzira asakumane ndi munthu aliyense. Aziphunzira kaye kufunsa mafunso, kusunga chinsinsi, ndi malamulo anayi kapena asanu amene kiliniki yasankha kugwira. Kiliniki imene imalandira mlandu uliwonse siidziwa bwino mlandu uliwonse, choncho ndi bwino kuyamba ndi chuma cha masiye, nkhani za ntchito, lendi, chisamaliro cha ana ndi belo, zina zonse n'kumazitumiza kumene zingathandizidwe.

Lamulo loyamba la wophunzira likhale loti pa tsiku loyamba sapereka uphungu. Amamvetsera, amalemba, amajambula makalata n'kubweza enieniwo kwa mwini wake nthawi yomweyo, kenako amapita kwa woyang'anira. Kusunga reji ya munthu, chikalata cha nyumba kapena kontilakiti yake yeniyeni mu kabati ya kiliniki ndi kuitana tsoka, chifukwa zikasowa kiliniki ilibe chobweza. Fomu yolandirira munthu ikhale ndi dzina monga lilili pa reji, manambala awiri a foni chifukwa imodzi imazima kapena kugulitsidwa, malo okhala ofotokozedwa ndi chizindikiro chodziwika ngati tchalitchi kapena msika popeza m'makomboni ambiri nambala ya nyumba siithandiza, ndiponso dzina la amene akulimbana naye. Dzina lomalizali ndi lofunika kuposa momwe ophunzira amaganizira. Kiliniki ikadziwika mu komboni, mayi wamasiye amabwera Lachiwiri, mlamu wake amabwera Lachinayi, ndipo ngati palibe buku limodzi lofufuzira mayina musanatsegule fayilo, mupezeka mukulangiza mbali zonse ziwiri za mlandu umodzi.

Chimene chimapha milandu ya osauka kwambiri ndi nthawi. Munthu amayamba wapita kwa achibale, kwa abusa, kwa atcheyamani, kupolisi, ndipo pofika ku kiliniki masiku atha kapena atsala pang'ono. N'chifukwa chake funso la "zinachitika liti" liyenera kufunsidwa mphindi zisanu zoyambirira, ndipo yankho lilembedwe ndi inki yofiira pa chikuto cha fayilo ndi m'dayale imodzi ya kiliniki yonse. Dandaulo la wantchito ku Industrial Relations Division ya High Court liyenera kufika m'masiku 90 kuchokera pamene njira zodandaulira za kuntchito zatha, kapena pamene nkhaniyo inachitika ngati njirazo kulibe. Mukachedwa muyenera kupempha khoti kuti likuwonjezereni nthawi, ndipo silikakamizidwa kuvomera. Apilo ya mlandu waupandu kuchoka kwa majisitireti kupita ku High Court ili ndi masiku 14 okha. Wovulala pa ngozi ali ndi zaka zitatu. Woyang'anira azitsegula dayale imeneyo Lolemba lililonse pamaso pa ophunzira onse, ndipo tsiku lililonse lomaliza lizikhala ndi chikumbutso masabata awiri lisanafike. Wophunzira amene wazolowera mwambo umenewu adzakhala loya wabwino ngakhale atakagwira ntchito ku banki.

Pali vuto lina limene makiliniki ambiri amagwa nalo, ndilo tchuthi. Khoti silidziwa kuti yunivesite yatseka kapena kuti ophunzira ali pa mayeso. Kiliniki iyenera kukhala ndi paralegal mmodzi wolipidwa amene amakhalapo chaka chonse, ileke kulandira milandu yatsopano masabata anayi mayeso asanayambe, ndipo wophunzira aliyense asalandire malikisi ake asanalembe tsamba limodzi pa fayilo iliyonse lonena pamene nkhani yafika, chotsatira, ndi tsiku lake. Mwini mlandu auzidwe pamaso kuti kuyambira mwezi wakuti adzakumana ndi wina. Za mafoni nazonso zikhale zomveka: kiliniki ikhale ndi foni yakeyake, ophunzira asamapereke manambala awo, ndipo zithunzi za makalata a anthu zisamayende m'magulu a WhatsApp a kalasi. Data Protection Act ya 2021 imakhudza kiliniki monga imakhudzira kampani iliyonse, ndipo mayi amene wabwera kudzapempha chitetezo pansi pa Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011 akhoza kuvulazidwa ngati uthenga wa kiliniki wawerengedwa ndi mwamuna amene akumuthawa. Choncho afunsidwe pa tsiku loyamba ngati n'kotheka kumuimbira, ndiponso nthawi yanji.

Chilankhulo cha boma ndi cha makhoti akuluakulu ndi Chingerezi, ndipo maphunziro onse a malamulo ali m'Chingerezi. Koma munthu wobwera ku kiliniki mu Lusaka afotokoza nkhani yake m'Chinyanja kapena m'Chibemba, nthawi zina m'Chitonga kapena m'Chilozi. Ophunzira ambiri amalankhula zilankhulo zimenezi kunyumba ndi pa minibasi, koma sanayesepo kufotokoza nazo kusiyana kwa belo ndi chigamulo, kapena chifukwa chimene kuvomera mlandu pofuna kutuluka msanga kungamusiyire munthu mbiri yoipa moyo wake wonse. Luso limeneli limaphunzitsidwa ndipo liyenera kuyesedwa. Njira yake ndi yosavuta: uphungu ukaperekedwa, wophunzira apemphe mwini mlandu kuti abwereze m'mawu akeake zimene achite mawa. Ngati sakutha kubwereza, uphunguwo sunaperekedwe. Ndiponso mnyamata wa zaka 22 adziwe kuti amene wakhala patsogolo pake ndi amayi kapena abambo, awapatse moni wokwanira, asawadule mawu akayamba nkhani yawo kutali. Anthu athu sayamba nkhani ndi tsiku la chochitika, amayamba ndi ubale, ndipo nthawi zambiri mfundo yopambanitsa mlandu imabisala m'mawu oyambirirawo.

Ku ndende ndi kumene ntchito ya ophunzira imaoneka msanga. Criminal Procedure Code imati munthu womangidwa popanda chikalata cha khoti aonekere ku khoti m'maola 24 kapena atulutsidwe pa bondi ngati mlandu wake si waukulu, ndipo bondi ya kupolisi ndi yaulere. Milandu ina monga kupha ndi kuba moopseza ndi zida ilibe belo, koma yambiri ili nayo. Komabe ku Kamwala Remand ndi ku Chimbokaila kumapezeka anthu amene anapatsidwa belo koma akadali m'kati chifukwa achibale sadziwa kuti akufunika ngati omuimira, kapena sadziwa kuti apite ndi reji ndi kalata yotsimikiza kumene amakhala kapena kugwira ntchito. Ophunzira awiri okhala ndi chilolezo cha Zambia Correctional Service, fomu ya tsamba limodzi ndi foni ya kiliniki angathe kulemba dzina, mlandu, khoti, tsiku lomangidwa ndi tsiku lomaliza kuonekera ku khoti, kenako kuimbira achibale ndi kupereka mndandanda wa okhalitsa kwa loya wa Legal Aid Board. Angathenso kupeza ana amene asakanizidwa ndi akuluakulu, chinthu chimene Children's Code Act ya 2022 siilola. Njira imeneyi si yachilendo kwa ife olankhula Chichewa. Ku Malawi maparalegal anayamba kulowa m'ndende mwadongosolo mu 2000, ndipo Lilongwe Declaration ya 2004 inalimbikitsa maiko a mu Africa kugwiritsa ntchito maparalegal ndi ophunzira malamulo pa ntchito yotereyi.

Milandu ikuluikulu yosintha malamulo nayonso imafuna anthu ophunzitsidwa motere. Mu 1992 Sara Longwe anapambana ku High Court atakanizidwa kulowa m'bala ya hotela ina ya mu Lusaka chifukwa anali mkazi wopanda mwamuna womuperekeza. Mu 1996, pa mlandu wa Christine Mulundika ndi anzake, Supreme Court inathetsa gawo la Public Order Act lofuna chilolezo cha apolisi anthu asanasonkhane. Mu 2019 khoti lomwelo linagamula mokomera George Mwanza ndi Melvin Beene, akaidi a ku Lusaka Central amene anali pa mankhwala a HIV, pa nkhani ya chakudya chosakwanira ndi kuthithikana. Mlandu womalizawu ndi wofunika chifukwa referendamu ya 2016 yofuna kukulitsa Bill of Rights, gawo la Constitution lonena za ufulu wa anthu, inalephera kufika chiwerengero chofunika, ndiye ufulu wa chakudya ndi umoyo umayenera kumenyeredwa kudzera mu ufulu wa moyo ndi woletsa nkhanza. Pamafunika loya wodziwa kusonkhanitsa umboni wa m'selo, osati wodziwa ndime za Constitution zokha. Ndipo tisaiwale mlandu wa Lungowe. Anthu 1,826 a m'midzi yozungulira Chingola anasumira makampani a migodi a Vedanta ndi Konkola Copper Mines ku England, ndipo mu 2019 Supreme Court ya ku United Kingdom inalola kuti mlandu umvedwe kumeneko. Chimodzi mwa zifukwa zake chinali choti kuno osaukawo sakanapeza ndalama zoyendetsera mlandu, ndiponso gulu la maloya lokwanira ndi lozolowera mlandu waukulu chotero. Mphunzitsi aliyense wa malamulo mu Zambia anayenera kumva kuwawa powerenga ndime imeneyo. Komabe tichenjeze: ophunzira amakonda milandu yotuluka m'nyuzipepala, ndipo kiliniki ikathamangira kumeneko imasiya mlonda uja ndi masiku ake 90. Mlandu waukulu uzibadwa m'mafayilo ang'onoang'ono, pamene kiliniki yaona kuti anthu makumi awiri abwera ndi dandaulo lofanana.

Chitsutso cholemera kwambiri ndi chakuti osauka asakhale pophunzirira ana a anthu ena. Tikugwirizana nacho ndi mtima wonse, ndipo n'chifukwa chake tatha ndime zambiri pa za kuyang'anira. Wophunzira udokotala ku sukulu ya UNZA ya ku Ridgeway amagwira odwala enieni pa chipatala cha UTH, koma sapereka mankhwala dokotala wamkulu asanaone, ndipo palibe amene amafuna dokotala amene sanagwirepo wodwala. Ku kiliniki ya malamulo zikhalenso choncho: palibe kalata yotuluka, palibe uphungu woperekedwa, woyang'anira asanasaine. Mwini mlandu auzidwe pa tsiku loyamba kuti akuthandizidwa ndi ophunzira, apatsidwe dzina la loya woyang'anira ndi njira yodandaulira, ndipo sukulu ikhale ndi inshuwalansi yolipira munthu ngati kiliniki yamuwonongera mlandu. Sukulu imene siingakwanitse izi isatsegule kiliniki, ndipo tinganenenso kuti isaphunzitse malamulo.

Ena amati ophunzira alibe nthawi chifukwa kutsogolo kuli ZIALE, sukulu imene womaliza digiri amapitako asanavomerezedwe kukhala loya, kumene zaka zina opambana ulendo woyamba amakhala owerengeka mwa mazana olemba. Koma ZIALE imayesa chiyani? Kayendetsedwe ka milandu m'makhoti, kalembedwe ka zikalata, umboni, chuma cha masiye, khalidwe la loya. Wophunzira amene walembapo afidaviti ya munthu weniweni n'kuibwezeredwa katatu ndi woyang'anira amafika kumeneko atadziwa kale zimene anzake akuziona koyamba. Ena amaopa kuti kiliniki isandutsa sukulu kukhala bwalo la ndale. Kuuza lendilodi kuti Rent Act siimulola kuzula chitseko ndi kutaya katundu wa munthu panja popanda chilolezo cha khoti si ndale. Kuwerengera wantchito gratuity (ndalama za pamapeto pa kontilakiti) ya 25 peresenti imene Employment Code Act ya 2019 imapereka kwa amene ali pa kontilakiti yaitali si ndale. Ndi malamulo amene Nyumba ya Malamulo inapanga yokha. Ndipo amene adzakhale woimira boma pa milandu kapena majisitireti ndi amene akufunika kwambiri kuona ndi maso ake chimene mawu oti "mlandu wayimitsidwa mpaka mwezi wamawa" amatanthauza kwa munthu amene ali pa rimandi.

Za ndalama tisanamizane, kiliniki ndi phunziro lodula kuposa ena onse, chifukwa mphunzitsi mmodzi angaphunzitse anthu 200 m'holo koma sangayang'anire mafayilo a anthu 200. Pamafunika malipiro a maloya oyang'anira ndi paralegal, zipinda ziwiri zotsekeka zokambiranamo, kabati yokhoma, makina ojambulira makalata, ndalama za mayendedwe ndi zolipira ku khoti. Ndalama zimenezi zichokere m'fizi imene ophunzira amalipira kale. Kiliniki yodalira opereka thandizo akunja okha imatseka pulojekiti ikatha, mafayilo ali pakati. Opereka thandizo angawonjezere, ndipo maloya a m'makampani angadzipereke masana amodzi pa mwezi, koma msana wake ukhale bajeti ya sukulu. Malo nawonso aganiziridwe. Mayi wa ku Kanyama amakwera minibasi ziwiri kuti afike ku UNZA pa Great East Road, ndiye masiku ena kiliniki izipita kwa iye, m'chipinda cha tchalitchi kapena cha sukulu, tsiku lodziwika sabata iliyonse. Ophunzira a madzulo ndi ophunzira ali kutali asachotsedwe pa lamuloli. Angathe kumaliza maola awo Loweruka kapena pa ofesi ya Legal Aid Board ya m'chigawo chawo, malinga pali loya wosaina buku la maola awo.

Popereka malikisi, kupambana kapena kuluza mlandu kusawerengedwe, chifukwa mukatero ophunzira ayamba kuthawa milandu yovuta. Chiyesedwe ndi fayilo: kodi zokambirana zinalembedwa tsiku lomwelo, masiku omaliza anasungidwa, makalata ndi omveka, mwini mlandu ankauzidwa za mlandu wake? Theka la malikisi lichokere pamenepo, gawo lina pa kufunsa munthu woyang'anira akuonerera, gawo lotsala pa nkhani yolembedwa yofotokoza pamene lamulo ndi zochitika zinasemphana pa fayilo imodzi, mayina atabisidwa. Wophunzira amene waulula chinsinsi kapena kulandira ndalama kwa mwini mlandu alephere phunzirolo, ndipo nkhaniyo ilembedwe m'mbiri yake.

Maiko ena anachita kale zimenezi. Ku South Africa makiliniki anayamba pa University of Cape Town mu 1972 ndi pa University of Natal mu 1973, m'nthawi yovuta kuposa yathu. Bar Council of India inalamula mu 1997 kuti digiri iliyonse ikhale ndi maphunziro ochita ndi manja, limodzi mwa iwo la thandizo la zamalamulo kwa osauka. New York imafuna maola 50 a ntchito yaulere munthu asanavomerezedwe kukhala loya. Kuno makiyi ali m'manja mwa mabungwe ochepa. Higher Education Authority ikhoza kukana kuvomereza pulogalamu ya LLB yopanda kiliniki yolembetsedwa ku Legal Aid Board. ZIALE ikhoza kufuna buku la maola a kiliniki, losainidwa ndi loya woyang'anira, pamodzi ndi satifiketi ya digiri pa tsiku lolembetsa, itapereka kaye zaka zitatu kuti masukulu akonzeke. Ndipo LAZ ndi akuluakulu a makhoti akhoza kukonza lamulo lolola wophunzira wa chaka chomaliza kuimirira pamaso pa majisitireti pa zinthu zochepa zotchulidwa bwino, monga kupempha belo ndi kupempha kuti chilango chichepe, woyang'anira wake atakhala pambali pake m'khotimo.